TISAMALE ZIMBALE ZA CD NDI DVD

Ana inu, kodi munaonapo kambale kowala, kopyapyala, kokhala ndi cibowo pakati? Ena mwa inu munakaona kunyumba, pafupi ndi wailesi. Ena munakaona katapacikidwa m'dimba kuti kaziopseza mbalame, kapena katamangidwa kumbuyo kwa njinga. Dzuwa likakaomba, kamaonetsa mitundu ya utawaleza. Dzina lake ndi cimbale.

Cimbale ciri ngati nkhokwe. M'nkhokwe timasungamo cimanga. M'cimbale timasungamo nyimbo, mau, zithunzi ndi makanema. Masiku ano anthu ambiri amasunga nyimbo m'foni ndi m'fulashi, ndipo zimbale zikucepa m'misika. Koma m'nyumba, m'machalichi ndi m'masukulu zikadalipo. Zina mwa izo ziri ndi zinthu zimene sizipezeka kwina kulikonse: ukwati wa makolo, nyimbo za kwaya, magule a cintali ndi ngoma, mau a agogo amene anatisiya. Cimbale cotere cikaonongeka, palibe sitolo imene mungakaguleko cina.

M'phunziro lino tiona m'mene cimbale cinapangidwira, m'mene makina amaciwerengera, ndi m'mene tingacisamalire kuti cisakandike.

Zimene zinandicitikira ine

Ndiri mwana ngati inu, amalume anga anabwera kumudzi kucokera ku Tete ndi makina ojambulira mau. Anajambula agogo anga aamuna akuimba nyimbo za ngoma ndi kusimba nthano. Atabwerera, anatitumizira cimbale cimodzi. Patapita nthawi agogo anamwalira, ndipo cimbaleco cinasanduka cuma ca banja lonse.

Ine ndinkaganiza kuti ndikudziwa kucisamala. Ndinamva kuti mbali yowala siyenera kukandika. Conco ndikacicotsa m'makina ndinkacigoneka cagada pa tebulo, mbali yowala kumwamba, mbali ya malemba pansi. Pa tebulopo panali mcenga. Tsiku lina ndinalembanso dzina la agogo m'mbali mwa cimbale ndi bolopeni, mosindikiza kwambiri kuti lisafufutike.

Madzulo ena tinakhala pansi kuti timvere. Nyimbo zoyamba zinaimba bwino. Koma titafika pa nthano yomaliza, mau a agogo anayamba kucita cibwibwi, kenaka anangoti zii. Tinapukuta, tinatsuka, koma mauwo sanabwererenso. Amalume anali atafufuta kale mau aja m'makina ao. Mpaka lero sindidziwa m'mene agogo anathera nthano ija.

Cifukwa ca ngoziyi ndinacimvetsa nditakula, ndiri ku sukulu ya aphunzitsi. Sindifuna kuti inunso mudikire nthawi yaitali conco.

Kodi cimbale cinacokera kuti?

Zimbale za CD zinayamba kugulitsidwa m'caka ca 1982 m'dziko la Japan. Makampani awiri ndiwo anagwirizana pozipanga: Philips ya ku Holland ndi Sony ya ku Japan. CD imodzi imasunga nyimbo za mphindi 74 mpaka 80.

M'caka ca 1996 kunabwera DVD. Kukula kwake ndi cimodzimodzi, koma imalowa zinthu zoculuka pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa CD. N'cifukwa cake makanema amaikidwa pa DVD. M'caka ca 2006 kunabweranso mtundu wina wochedwa Blu-ray, umene umalowa zambiri kuposa DVD.

Zimbale zonsezi ndi zofanana msinkhu. M'mimba mwake ndi masentimita 12. Cibowo ca pakati ndi mamilimita 15. Kucindikala kwake ndi mamilimita 1,2 okha.

M'kati mwa cimbale muli ciani?

Ukaciona, umayesa kuti ndi cinthu cimodzi. Koma CD iri ndi zigawo zinai zosanjikizana.

Cigawo coyamba, ca pansi, ndi pulasitiki yoonekera ngati galasi. Ici ndico cokhuthala kuposa zonse.

Caciwiri ndi citsulo copyapyala kwambiri ca aluminiyamu, citsulo comwe cija amapangira mapoto. Ico ndico cimawala ngati kalilole.

Cacitatu ndi vanishi, wonga amene kalipentala amapaka pa mpando. Nchito yake ndi kuchinjiriza citsulo.

Cacinai, ca pamwamba, ndi utoto wa malemba ndi zithunzi.

Tsopano mvetsetsani apa. Mau a pa CD sakhala kumbali yowala kumene timaopa kukhudza. Amakhala pamwamba pa pulasitiki, pamene pamatidwa citsulo cija, kufupi ndi mbali ya malemba. Kucokera pansi, mauwo amachingidwa ndi pulasitiki yokhuthala. Koma kucokera pamwamba amachingidwa ndi vanishi ndi utoto basi, ndipo vanishiyo ndi wopyapyala kuposa tsitsi. Nsonga ya bolopeni kapena kamcenga kamodzi kakhoza kuboola ndi kupala citsulo. Citsulo cikapalika, mau a pamenepo apita. Uku ndiko kulakwa kumene ndinacita ine.

DVD ndi yosiyana pang'ono. Iyo ndi mapulasitiki awiri omatidwa pamodzi, iriyonse yocindikala mamilimita 0,6, ndipo mau ndi zithunzi zimakhala pakati pao. Conco mbali ya malemba ya DVD siopsa ngati ya CD. Koma DVD simafuna kupindidwa, cifukwa mapulasitiki awiri aja akhoza kumatuka.

Makina amawerenga bwanji?

Kodi munaona bongololo atadzipinda? Amayambira pakati nkuzungulira mpaka kunja. Pa cimbale palinso mzere umodzi wozungulira motero, kuyambira pafupi ndi cibowo mpaka m'mphepete. Mzere wa pa CD utatambasulidwa ungapitirire makilomita 5, mtunda woyenda pansi ola lathunthu ndi kuposa. Mzerewu ndi waung'ono kwambiri, ndipo ndi wothithikana: m'lifupi mwa tsitsi limodzi mungalowe mizere yoposa 30. Kuthithikana kumeneku ndiko kumagawa kuwala kwa dzuwa nkutulutsa mitundu ya utawaleza ija.

Mu mzerewu muli timaenje mamiliyoni ambiri, tina tatitali, tina tatifupi. Timaenje timeneti ndito malemba a cimbale.

Makina sakhudza cimbale powerenga. M'kati mwake muli kanyali kochedwa laser, ndi kagalasi konga diso. Kuwala kwa laser kumalowera kumbali yowala, kumadutsa m'pulasitiki, kumagunda citsulo, ndi kubwerera ku diso lija. Ziri monga m'mene mumatengera kalilole ndi kuponya kuwala kwa dzuwa pa khoma. Kuwala kukagwa pa kadzenje kumabwerera mofooka. Kukagwa posalala kumabwerera mwamphamvu. Makina amawerenga kusinthasintha kumeneku nkukusandutsa mau.

Pamene izi zikucitika, cimbale cimazungulira. Poimba nyimbo, CD imazungulira pafupifupi ka 500 pa mphindi imodzi ikamawerengedwa pafupi ndi pakati, ndi ka 200 ikamawerengedwa m'mphepete. Popeza kuwerenga kumayambira pakati, nyimbo yoyamba iri kufupi ndi cibowo, yomaliza iri kunja. Ine ndinalemba dzina la agogo m'mphepete. N'cifukwa cake nthano yomaliza ndiyo inaonongeka.

Tsono taona kuti cimbale cimawerengedwa ndi kuwala. Ciriconse cochinga kapena kupotoza kuwala ndi mdani wake: fumbi, mafuta a m'zala, mwaye, ndi kukandika.

Cenjezo: musatsegule makina ali pa moto, ndipo musasuzumire kanyali ka laser. Kakhoza kuononga maso.

Kukandika sikufanana

Tayesani kuwerenga ciganizo ici:

Mbu_i ya_ya cima_ga.

Mwatha, sicomweco? Ngakhale malemba atatu asowa, nonse mwadziwa kuti mbuzi yadya cimanga. Nanga ici?

Mbuzi ______ ________.

Apa palibe angadziwe cimene mbuzi yacita.

Makina a cimbale amacitanso cimodzimodzi. Amene anapanga CD anadziwa kuti idzakandika ndithu. Conco pamodzi ndi mau anaikamo zizindikiro zina zothandiza makina kubwezera zimene zasowa. Pakaonongeka kacigawo kakafupi ka mzere, kosapitirira mamilimita 2 kapena kuposa pang'ono, makina amakonza okha, ndipo womvera sazindikira kanthu. Koma pakaonongeka cigawo cacitali ca mzere womwewo, makina amalephera. Nyimbo imadumpha, imacita cibwibwi, kapena imaima.

Ganizani za munda wa cimanga. Ng'ombe ikadutsa modula mizere, imaponda phesi limodzi kapena awiri pa mzere uliwonse, ndipo mwini munda amakololabe. Koma ikayenda motsata mzere, imagwetsa mzere wonse. Cimodzimodzi pa cimbale. Kukandika kocokera pakati kupita kunja kumadula mizere, ndipo mzere uliwonse umaonongeka pang'ono cabe. Kukandika kozungulira kumatsata mzere, ndipo kumaononga kwambiri. Musaiwale zimenezi, tizifunanso pa nkhani ya kupukuta.

Kagwiridwe ka cimbale

1. Sambani m'manja ndi kupukuta musanagwire cimbale. Manja a nsima, a mango kapena a mafuta odzola asaciyandikire.

2. Cigwireni m'mphepete ndi nsonga za zala, kapena lowetsani cala ca mkombaphala m'cibowo ndi kuchinjiriza m'mphepete ndi cala cacikulu. Musagwire pakati pa mbali yowala.

3. Pocotsa m'kabokosi, dinizani kaye timano ta pakati ndi cala, kenaka nyamulani cimbale m'mphepete. Musacikoke mopinda. Kupinda kumayambitsa timing'alu pa cibowo.

4. Cimbale ciri ndi malo awiri okha: m'makina ndi m'kabokosi kake. Musacigoneke pa tebulo, pa mphasa kapena pamwamba pa wailesi, kaya cafufumimba kaya cagada.

5. Musasunthe kapena kugwedeza makina pamene cimbale cikuzungulira. Cikhoza kukhula m'kati ndi kukandika mozungulira.

6. Musalembe pa cimbale ndi bolopeni kapena pensulo. Gwiritsani nchito colembera ca nsonga yofewa, ndipo malo abwino ndi kabwalo koonekera kozungulira cibowo, cifukwa pamenepo palibe mau. Koposa zonse, lembani pa pepala la kabokosi.

7. Musamate pepala kapena selotepi pa cimbale. Cimalemera mbali imodzi ndi kugwedera pozungulira. Ndiponso pomatula, vanishi ndi citsulo zikhoza kucokera limodzi.

Kapukutidwe ka cimbale

Anthu ambiri cimbale cikakana kuimba amaciuzira mpweya wa m'kamwa nkucikhula pa malaya mozungulira. Uku ndi kuonjezera bvuto. M'malaya mumakhala fumbi, ndipo fumbi ndi timiyala tating'onoting'ono. Kulikhula pa pulasitiki kuli ngati kukwecha poto ndi mcenga.

Cimbale coyera musacipukute. Cikada, citani motere.

Coyamba, cotsani fumbi musanakhule. Thirani madzi oyera pa mbali yowala kuti fumbi liyendere limodzi ndi madzi. Madzi a pa citsime ayambe akhazikika kapena asefedwe, cifukwa amakhala ndi mcenga. Madziwo asakhale otentha.

Caciwiri, ngati pali mafuta a zala, sungunulani kasopo pang'ono m'madzi, pakani mopepuka ndi nsonga ya cala, ndipo tsukuluzani ndi madzi ena oyera.

Cacitatu, tengani kansalu kofewa ka thonje, kocapa bwino, monga kacidutswa ka kapulana yakale. Pukutani kucokera pa cibowo kupita m'mphepete, molunjika, monga m'mene masipoko a njinga amayendera. Kwezani nsalu, bwererani pakati, pukutaninso pambali pake. Musapukute mozungulira. Kumbukirani ng'ombe ija ya m'munda.

Cacinai, ciimikeni pa mthunzi kuti ciume bwino. Musaciike m'makina ciri conyowa.

Mbali ya malemba musaikhule konse. Ndipo zinthu izi zisakhudze cimbale: palafini, petulo, phulusa, sopo wa ufa wosasungunuka, nyuzipepala ndi pepala la m'kope. Palafini ndi petulo zimaononga pulasitiki, pamene zinazo zimakanda.

Kasungidwe ka cimbale

Cimbale ciriconse cikhale ndi kabokosi kake. Zimbale ziwiri zikakhala pamodzi zimakhulana. Ngati kabokosi kasweka, sokani kathumba ka nsalu yofewa, ndipo mukaike pakati pa makatoni awiri olimba kuti cimbale cisapindike.

Timabokosi tiime ciriri monga mabuku pa shelefu. Musaunjike, ndipo musasanjikepo katundu wolemera.

Kuno kwathu adani akulu ndi atatu.

Woyamba ndi dzuwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri, makamaka m'cigwa ca Zambezi. Cimbale cosiyidwa pa zenera, pansi pa malata kapena kutsogolo kwa galimoto cikhoza kupindika, ndipo copindika siciwongoka. Zimbale zojambula tokha pa kompyuta, zolembedwa CD-R kapena DVD-R, ndizo zimaopa dzuwa koposa. Izo ziribe timaenje teniteni. Ziri ndi utoto wapadera umene laser imauoca polemba, ndipo utoto umenewu umasuluka pa dzuwa monga m'mene imasulukira nsalu.

Waciwiri ndi fumbi la m'cilimwe pamodzi ndi utsi wa kukhichini. Sungani zimbale m'bokosi lobvundikira, kutali ndi moto.

Wacitatu ndi cinyezi ca m'dzinja. Cinyezi cikalowa pamene vanishi wakandika, citsulo cimayamba kudyeka. Musaike bokosi pansi kapena moyedzamira khoma lonyowa.

Mukatha kumvera, cotsani cimbale m'makina ndi kucibwezera m'kabokosi nthawi yomweyo. Uzaninso azing'ono anu kuti cimbale si coseweretsa.

Nanga cikakhala kuti cakandika kale?

Yambani mwacitsuka monga taphunzirira. Kawirikawiri bvuto limakhala litsiro cabe. Cikakanabe, ciyeseni m'makina ena, cifukwa nthawi zina diso la makina ndilo lada.

Kenaka cikwezeni moyang'anitsa ku nyali kapena ku khomo lowala, osati ku dzuwa. Mukaona kuwala kukudutsa pa timabowo kapena pa mzere wokandika, dziwani kuti citsulo capalika. Pamenepo palibe mankhwala.

Ngati kukandika kuli kumbali yowala yokha, mau akadalipo m'kati. Cabvuta ndi njira ya kuwala. Anthu ena amapaka mankhwala otsukira mano. Mankhwalawa amapala pulasitiki pang'ono ndi kusalaza malo okandika. Nthawi zina zimathandiza, koma nthawi zina zimaonjezera kukandika. Inu ana musayese nokha. Perekani cimbale kwa munthu wamkulu wodziwa, ndipo cikayamba kuimba, mau ake akopedwe tsiku lomwelo.

Cimbale cong'aluka musaciike m'makina, makamaka m'kompyuta. Kompyuta imazunguza cimbale mothamanga kwambiri, ndipo cikhoza kusweka m'kati.

Mbeu sasunga pamodzi

Mlimi wanzeru saika mbeu yake yonse m'nkhokwe imodzi. Ina amapacika ku denga, ina amasungitsa kwa mbale wake. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Ngakhale cimbale cosamalidwa bwino cimakalamba.

Conco ngati kwanu kuli cimbale ca mau kapena zithunzi za banja, uzani makolo kuti apite naco kwa munthu amene ali ndi kompyuta yowerenga zimbale. Akope zonse ndi kuika pa fulashi, m'foni, kapena pa cimbale cina. Asacedwe, cifukwa makompyuta ambiri atsopano alibe malo oikamo cimbale. Kope imodzi ikhale kunyumba, ina kwa acibale. Pomvera tsiku ndi tsiku gwiritsani nchito kope, coyambirira cikhale m'bokosi.

Nyimbo za agogo anga zimene zinatsala ndinazikopa, ndipo ziri malo atatu. Nthano yomaliza ija yokha ndiyo iribe mathero.

Mau a m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi

cimbale – disco
kukanda – riscar
kuwala – luz
fumbi – poeira
cinyezi – humidade
kalilole – espelho
kupukuta – limpar
kusunga – guardar

Mafunso

1. Chulani zigawo zinai za CD, kuyambira pansi.
2. N'cifukwa ciani kukandika kwa mbali ya malemba kuli koopsa pa CD?
3. Kodi makina amayambira pati powerenga cimbale?
4. Fotokozani cifukwa cake sitipukuta cimbale mozungulira.
5. Chulani adani atatu a cimbale kuno kwathu.
6. Kodi wolemba analakwa zinthu ziwiri ziti pa cimbale ca agogo ake?
7. DVD inabwera patapita zaka zingati kucokera pamene CD inayamba kugulitsidwa?

Nchito

a) Dulani katoni yozungulira ya masentimita 12 m'mimba mwake, ndipo boolani pakati. Awiriawiri, sonyezanani kagwiridwe ndi kapukutidwe koyenera.

b) Lembani ciganizo pa bolodi ndi kufufuta malemba atatu otalikirana. Anzanu awerenge. Kenaka fufutani mau awiri otsatana. Kambiranani zimene mwaona.

c) Funsani kunyumba ngati kuli cimbale ca banja. Lembani ziganizo zisanu zonena zimene zirimo ndi kumene cimasungidwa.